Paja Anati Mabuloko

Uvuni anali atauphwasula mbali imodzi pamene galimoto ya ku khonsolo inatulukira pamtunda, fumbi lili koboo kumbuyo kwake. Azibambo anasiya kupatsirana njerwa. Azimayi anayamba nthungululu asanauzidwe n'komwe, ndipo ana a sitandade wani, amene ankaphunzira padzuwa chapafupi pomwepo, anadzuka onse kuthamangira kumsewu, mphunzitsi wawo akungokuwa pachabe.

Faines anakonza duku lake n'kupukuta manja pachitenje. Iye ndiye anali tcheya wa komiti ya makolo pasukulupo, ndipo tsiku limeneli ankalidikira kuyambira nthawi yokolola. Anasankha njerwa ziwiri zofiira bwino n'kuziwombanitsa. Zinalira ngati chitsulo.

"Mwamva, a Elifala?" anatero akuseka. "Izi si zija munamangira khola lanu la nkhumba, zosungunuka ndi mame."

"Atcheya, lero musanditole," anayankha Elifala, mlimi wa fodya amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale pamaliro. "Msana wangawu watsalira m'njerwamo. Boma likafuna kuthokoza, liyambire ine."

M'galimotomo munatuluka mayi wachitsikana, mpango kumutu, pamwamba pake chipewa cholimba cha anthu omanga. Anati dzina lake ndi Zakia, woona zomangamanga. Anapereka moni kwa ahedi, a Lester, kenaka kwa Faines ndi manja awiri. Atatero anazungulira uvuniwo pang'onopang'ono, ndipo nthungululu zinayamba kuzirala zokha poona kuti mlendoyo sakumwetulira.

"Ntchito yaikulu ndithu," anatero. "Njerwazi ndi za tchalitchi?"

"Za mabuloko, amayi," anayankha Faines, chifuwa chili patsogolo. "Mabuloko awiri, makalasi anayi. Paja munati boma likufuna mabuloko. Ife mbali yathu tatha. Kwatsala inu: simenti, malata ndi amisiri."

Zakia anayang'ana ahedi, anayang'ana Faines, kenaka anavula chipewa chija ngati chayamba kumulemera.

"Amayi, pepani. Mabuloko amene tinkanena si nyumba zophunziriramo ayi. Tinkanena mabuloko a simenti omangira, aja otuwa a mabowo awiri. Lamulo sililolanso kumanga nyumba za boma ndi njerwa zowotcha, chifukwa mitengo yatha. Makolo tinawapempha mchenga ndi miyala basi. Tinachita kubweretsa buloko imodzi mu holo muja, kuiika patebulo kuti aliyense aigwire ndi manja ake. Mchenga wanu uli kuti?"

Pasukulupo panalibe mchenga ngakhale wodzaza chipande.

"Ndiye tiyamba ndi sukulu zimene zatuta kale, mvula isanagwe," anatero Zakia motsitsa mawu. "Kuno mwina chaka chamawa, ndalama zikadzapezeka. Kodi kumsonkhano kuja sukulu ino inalipo?"

"Inalipo," anayankha ahedi, maso ali pansi.

Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Faines anayang'ana kumbali, chifukwa pagulu lonselo ndi iye yekha amene ankadziwa bwino kuti sukuluyo inalipo motani.

Tsiku la msonkhanowo, miyezi ingapo m'mbuyomo, mudzi wonse unawaona akunyamuka awiri, ahedi ndi atcheya, ulendo wa ku boma ku Dowa. Chimene mudzi sunaone n'choti asanalowe n'komwe mu holo, foni ya ahedi inalira. Mkazi wawo, Diana, amene ankadikirira kuchipatala ku Madisi, matenda anali atamuyamba ndipo zinthu sizinali bwino. A Lester anatuwa milomo.

"Atcheya, mundimverere," anatero. "Chilichonse anene, musunge. Ndikubwera kwanu mawa."

Faines anakhala kumbuyo mu holomo. Bwana woyamba kulankhula ankaponya mawu awiri a Chichewa, asanu a Chingerezi, koma Faines anatolapo zomveka: chaka chino boma likufuna mabuloko, mabuloko okhaokha, ndipo makolo achite mbali yawo. Panalinso chofunsa apa? Kwawo buloko ndi nyumba ya makalasi awiri, aliyense amadziwa. Ndipo mbali ya makolo, kuyambira nthawi ya bambo ake, ndi kuumba njerwa. Ali mkati moganiza za chikombole ndi malo okumba dothi, mayi wina anamunong'oneza mnzake kuti shuga wafika pagolosale ina kumsika, paketi imodzi munthu mmodzi. Kunyumba kwa Faines tiyi anali ataiwalika kukoma kwake. Anadziuza kuti apita n'kubwera msanga. Koma mzere wa shuga suona kuti uyu ndi tcheya. Pamene ankabwerera, paketi ili m'chikwama, anthu anali akutuluka kale. Pakhomo pa holo panali chinthu chotuwa cha mabowo awiri chimene anatchingira chitseko kuti mphepo isatseke. Faines anachilumpha.

M'mawa mwake ahedi anafika, maso ofiira ndi tulo koma akumwetulira: mwana wamkazi, onse ali bwino. Faines anawafotokozera za mabuloko.

"Sananene china?" anafunsa a Lester.

"Palibe."

"Munakhala mpaka kumapeto?"

"Mpaka pemphero lotsekera," anatero Faines, ndipo bodzalo linatuluka mosavuta ngati moni.

Choncho uthengawo makolo anaumva kuchokera pakamwa pa ahedi. Anaumba njerwa nyengo yonse yachisanu, azimayi akutunga madzi kudambo, azibambo akuponda matope, madimba akuuma. Nthawi yowotcha itakwana, nkhuni zinaperewera, poti phiri lawo linametedwa mpala kalekale. Ndi Faines amene analoza mitengo ya malaina ikuluikulu ya pabwalo la sukulu, imene pansi pake pankaphunzira sitandade wani ndi thu. Ahedi anakana. Anati adikire kaye denga lifike. Koma Faines anawayankha pamaso pa anthu kuti, "Ahedi, mthunzi wa mtengo ndi wa mbuzi. Ana athu akulowa m'nyumba." Anthu anaseka, nkhwangwa zinalira, ndipo malaina aja analowa muuvuni.

Monga kuti izi sizinakwane, a Lester ndi Diana mwana uja anamutcha Faines, pothokoza munthu amene anawaimirira tsiku lovuta.

Galimoto ya ku khonsolo itapita, Faines sanalowere kunyumba. Anatsikira kudambo kumene mwamuna wake, Solomoni, ankathirira nazale ya fodya. Anakhala pamzere wouma n'kuulula zonse, za shuga zomwe. Solomoni anamvetsera khekhe lothirira lili m'manja, madzi akudontha pamapazi ake.

"Safunsa anadya phula," anatero pomaliza. "Ndiye tiyi uja tinamwa masiku aja anali wa mabuloko awiri? N'chifukwa chake ankatsekemera chonchija."

"Musaseke, bambo ake Tadala. Ine mtima ukundiwawa."

"Sindikuseka. Mwauzapo wina?"

"Inu nokha. Koma Loweruka kuli msonkhano wa makolo. Ndikanena."

Solomoni anaika khekhe pansi.

"Mukanena chiyani? Kuti ahedi anathawa msonkhano wa boma n'kusiya mayi wa sitandade sikisi awamverere? Mukuganiza kuti a Piya, amene amayendera sukuluzi, akamva zimenezo awapatsa mendulo? Muwaphetsa ntchito. Pano anthu angowalalatira, mawa aiwala. Koma mukatsegula pakamwa, mwawapha iwo, mwadziphanso nokha. Ife tidzayenda bwanji m'mudzi muno? Madzi akatayika saoleka, amake Tadala. Khalani chete."

Faines anadziwa kuti mwamuna wake akuteteza khomo lake, osati ntchito ya ahedi. Komabe mawuwo anawalandira ndi manja awiri. Munthu akafuna kubisala, ngakhale tsinde la therere limakwana. Anakwera mtunda akudziuza kuti kukhala chete kwake ndi chifundo.

Kunyumba anapeza Tadala, mwana wake wa sitandade wani, atagona pakhonde, kope ali nalo kumaso.

"Mutu ukundiwawa, amayi. Aphunzitsi anati tiziika makope pamutu, koma dzuwa likulowabe. Nyumba yathu ija amanga liti?"

"Imwa madzi," anatero Faines, n'kulowa m'nyumba msanga.

Loweruka makolo anabwera ambiri kuposa tsiku lina lililonse. Malo a mthunzi panalibe, ndiye anakhala mopanikizana kuseri kwa uvuni womwewo. Faines, monga tcheya, anakhala patebulo kutsogolo, ahedi pambali pake atavala tayi. Pemphero lisanazizire, Elifala anali ataima kale.

"Ine funso langa likupita kwa boma, ngakhale boma palibe pano. Anatiuza kuti pulayimale ndi yaulere. Chaulere chimenechi chandidyera dimba, chandidyera msana, nkhuku ya anyamata osonkhezera uvuni ndinapereka ine. Lero akuti njerwa zanga ndi mlandu. Ndifunse: sukulu zimene anaphunzira olemba lamulowo zinamangidwa ndi chiyani? Si njerwa zomwezi, zoumba makolo awo? Iwo awoloka, ndiye akuti mlatho ugwe!"

Anthu anavomera ndi mkokomo. Kenaka anaima Rakele, mayi wamasiye amene anatunga madzi a njerwazo kuposa wina aliyense.

"Ife lamulo timalimva litatiluma kale," anatero. "Katemera wa ana amachita kulengeza ndi chimkuzamawu mudzi ndi mudzi. Nthawi ya mavoti amafika mpaka kuseri kwa phiri kumene kulibe msewu. Koma lamulo lokhudza ana athu akanenera mu holo, m'Chingerezi. Ndalama imene amati amatumiza kusukulu chaka ndi chaka, ine ndimangomva kuti yachedwa, ikafika yathera choko. Tsono ife tizichita chiyani? Tikakhala, akuti makolo aulesi. Tikagwira ntchito, akuti mwaphwanya lamulo."

"Lamulolo palokha si loipa," anatero Ibrahimu, wa golosale ya pamsika, amene ana ake atatu ankaphunzira pomwepo. "Ine ndikubwera kuno phiri ilo linali lakuda ndi mitengo, mtsinje sunkaphwa. Lero akazi athu akuphikira zitsononkho. Tikapitiriza kuwotcha, adzukulu athu adzaphunzira m'makalasi abwino koma madzi akumwa alibe. Vuto ndi loti woletsa njerwa azibweretsa simenti pa nthawi yake, osati kuletsa lero, thandizo chaka chamawa."

"Eee, a Ibrahimu, simenti yake yogula kwa inu!" anakuwa wina kumbuyo.

"Ine ndimagulitsa sopo ndi mchere, achimwene. Mukafuna kumangira mchere, bwerani."

Anthu anaseka, ndipo Faines anapuma pang'ono. Analakalaka msonkhano wonse utathera pomwepo, pa boma ndi malamulo ake. Koma boma silikhala pamsonkhano wa makolo. Lilibe nkhope yoti munthu ailoze chala. Ahedi anali pomwepo, pampando, thukuta likutsikira mukolala.

"Tisazungulire," anatero Elifala, ataimanso. "Sukulu ya kutsidya atuta mchenga. Ya ku Chezi uko ndamva atuta mchenga. Iwo anamva bwanji? Ahedi, Chingerezi ndi chanu. Atcheya athuwa anangokuperekezani, sitingawafunse kanthu. Inuyo munali kuti pamene anzanu ankagwira bulokoyo patebulo? Munkawodzera? Kapena munali mutatulukira kokapha ludzu?"

"Kapena njerwazi akufuna akamangire nyumba kwawo!" anaponya mayi wina.

"Atigwiritsa ganyu yaulere!"

Ana asukulu amene anabwera kudzaonerera anali atakhala pamwamba pa njerwa, akumva zonse. A Lester anaimirira pang'onopang'ono. Anali munthu wochepa thupi, amene anavomera kubwera kuphiri kuno aphunzitsi ena atakana, ndipo ankaphunzitsa a sitandade eyiti ngakhale Loweruka osapempha kanthu. Lero zonsezo panalibe ankazikumbukira.

"Makolo," anatero, "uthenga umene ndinakupatsani unali wolakwika. Zimenezo sindikana, ndipo ndikupepesa. Njerwa sindinabe, ndipo mowa sindimwa." Anaima kaye, n'kutembenukira kwa Faines. "Mwina atcheya ali ndi mawu."

Maso onse anabwera kwa iye. Faines anaimirira. Mawu anali okonzeka, anali pakhosi penipeni: ahedi kunalibe, kunali ine. Anaona Rakele ndi manja ake ong'aluka ndi matope. Anaona Solomoni kumbuyo akupukusa mutu pang'ono. Anaganiza za paketi ya shuga, mmene nkhaniyo idzamvekere pachitsime, kutchalitchi, pamaliro, mpaka Tadala adzakule akutchedwa mwana wa mayi wa shuga.

"Tamva maganizo a makolo," anatero. "Alipo wina wofuna kuwonjezera?"

A Lester anamuyang'anabe kanthawi, kenaka anakhala pansi.

Owonjezera analipo ambiri. Pomaliza anagwirizana kuti mwana aliyense asapondenso pasukulupo mpaka ahedi atachoka. Madzulo omwewo anyamata anadula nthambi za minga n'kuziunjika pakhomo pa ofesi. Faines ndi amene anatseka msonkhanowo ndi pemphero, ndipo mpaka lero sakumbukira chimene anamuuza Mulungu.

Masabata otsatirawo anali olemera. Sukulu inangoti zii, mbuzi zikugona m'makalasi a ana akuluakulu. Faines anasiya kudutsa njira ya kunyumba za aphunzitsi. Popita kumjigo ankazungulira kumunda kwa Elifala, ndowa ili pamutu, kuopa kukumana ndi Diana. Koma mjigo ndi umodzi. Akakumana, Diana ankapereka moni monga kale, n'kutembenuza msana kuti mwana aoneke.

"Faines, taona adzina ako. Apatse moni."

Kamwanako kankaseka ndi nkhama zokhazokha, ndipo Faines ankabwerera kunyumba chakudya osachifuna. Anthu m'mudzi ankamumvera chisoni. Ankati atcheya aonda ndi nkhawa ya sukulu, mayi wa mtima wabwino, ahedi amuchititsa manyazi. Chisoni chimenechi chinkamupweteka kuposa chipongwe. Kangapo anavala chitenje kuti apite kwa a Piya, koma akafika pamsewu ankakumbukira mawu a Solomoni: muwaphetsa ntchito. Ankabwerera, akudzitcha wachifundo.

Kenaka zinamveka kuti a Lester awasamutsira kusukulu ina mkati mwa Ntchisi, ndipo kumeneko sakakhalanso ahedi, akakhala mphunzitsi wamba.

Tsiku losamuka lole inafika chakum'mawa. Faines anatenga beseni la mtedza wosenda n'kupita kunyumba kwa ahedi. Anapeza mipando ndi matumba zili kale pamwamba. Panalibe kholo ngakhale limodzi lobwera kudzathandiza. A Lester anali kuofesi kukapereka makiyi, ndipo Diana ankamanga mapoto m'chitenje pakhonde, mwana ali kumbuyo.

"Ndabwera ndi kamba wa panjira," anatero Faines, atagwada.

"Zikomo. Ana adya."

Faines sanadzuke. Anayang'ana beseni lija, ndipo mawu amene anakana kutuluka pamsonkhano anatuluka tsopano, pamene analibenso ntchito.

"Amayi, kumsonkhano kuja ndinatuluka usanathe. Ndinapita kukagula shuga. Za simenti sindinamve. Ahedi ndinawanamiza."

"Tikudziwa," anatero Diana, osasiya kumanga mfundo. "Mayi wa ku khonsolo atangochoka, bambo ake mwanayu anaimbira mnzawo wa sukulu ya kutsidya. Tcheya wa kumeneko anakuonani mukutuluka."

Faines anaweramitsa mutu.

"Ndinafuna kunena pamsonkhano paja, Mulungu ndi mboni. Koma ndinaopa kuti a Piya akadziwa kuti ahedi anachoka, awachotsa ntchito."

Apa Diana anasiya mapoto n'kumuyang'ana.

"A Piya? Iwowo ndi amene anawauza kuti thamangani ku Madisi. Anawabwereka ndi njinga yamoto yomwe. Panalibe chobisa pamenepo, amayi. Mukanawafunsa akanakuuzani."

Chifundo chonse chija, chimene Faines ankagona nacho n'kudzuka nacho, chinali chopanda mwini. Chimene chinatsala ndi mantha okhaokha, ake.

"Nanga bwanji iwo sananene?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ine ndinawakakamiza, mpaka tinakangana. Anati kandimverere anakanena za m'maluwa, wolakwa woyamba ndi wotuma. Anatinso, 'Ine ndine wobwera, lero ndili pano, mawa ndili kwina. Mayi aja pano ndi pawo, adzaikidwa pompano. Ndikawaponya m'kamwa mwa anthu okwiya chonchija, adzakhala kuti? Akafuna, anena okha.'" Diana anamanga mfundo yomaliza n'kuikoka mwamphamvu. "Njerwa sitinakwiye nazo. Mawu amodzi a zinthu ziwiri aliyense akhoza kusokoneza. Koma tsiku la msonkhano wa makolo anabwera kunyumba, anakhala apo, osavula ndi tayi yomwe. Anangoti, 'Ndinawapatsa mpata.' Ndiye tinkadikira. Tsiku lililonse pamjigo paja ine ndinkadikira."

Faines analira mosatulutsa mawu. Patapita kanthawi anatambasula manja.

"Ndimunyamuleko mwanayo, komaliza."

"Wagona," anatero Diana.

A Lester anabwera kuchokera kuofesi, minga ina itakola buluku lawo. Ataona Faines anamupatsa moni ndi manja awiri, ngati palibe chinachitika.

"Atcheya, tsalani bwino. Mchengawo yambani kututa tsopano, mtsinje usanadzaze. Miyala muswe yaing'onoing'ono. Chaka chamawa asadzakudutseninso."

"Ahedi," anayamba Faines.

"Dalaivala akufulumira," anatero iwo mofatsa, n'kuthandiza mkazi wawo kukwera.

Lole inatsika mtunda ikulira magiya. Faines anaima pakhomo pa nyumba yopanda makatani mpaka phokoso linazilala, kenaka anayamba kubwerera. Sanazungulire. Pamphambano ya kumjigo anakumana ndi Elifala, khasu lili paphewa, nkhope ili ngwee.

"Atcheya! Mwaona? Munga tauzula. Lolemba ana abwerere kusukulu. Ndipo tapangana kuti msonkhano wina ukaitanidwa ku boma, mudzapite nokha. Inu ndi wathu, simungatinamize."

Faines anamuyang'ana bamboyo. Kuuza Elifala kunali kuuza Dowa yense, ndi Ntchisi yomwe. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo ikanafika pamsika, kutchalitchi, kumzikiti, ndi kudambo kumene Solomoni ankathirira fodya.

"A Elifala, tsitsani khasulo," anatero. "Kumsonkhano kuja ahedi kunalibe. Mkazi wawo anali pakati pa moyo ndi imfa, a Piya anawalola kupita. Amene anatsala kuti amve ndine. Ndinamva theka, n'kutuluka kukaima pamzere wa shuga. Mabuloko aja ndinasokoneza ndine, ndipo ahedi ndinawauza kuti ndinakhala mpaka kumapeto."

Elifala anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire sipanatuluke kanthu. Anatsitsa khasu. Anayang'ana kumsewu, kumene fumbi linali litakhazikika kale.

"Ndiye kuti ine ndinatukwana munthu wosalakwa," anatero pomaliza, mawu atasasa. "Pamaso pa ana ake asukulu."

"Eya."

"Ndipo inu munali pomwepo, patebulo."

"Ndinali pomwepo."

Elifala anatola khasu lake. Sanakuwe, sanatukwane. Anangomulambalala Faines ngati mmene munthu amalambalalira dzenje, n'kulunjika kumudzi. Faines anamutsatira chapatali, poti njira yopita kwawo inali yomweyo.